Lipoti la Kalondolondo wa Khama la Ana pa Masamu: Kalasi ya Loweruka ku Rosettenville, 2023

Lipotili likufotokoza mmene tinayesera kulondoloza khama la ana pa phunziro la masamu pogwiritsa ntchito mafoni ndi kompyuta, m'teremu yachiwiri ndi yachitatu ya chaka cha 2023, pa kalasi yothandizira imene imakumana Loweruka lililonse m'mawa mu holo ya tchalitchi china ku Rosettenville, kumwera kwa mzinda wa Johannesburg. Ndine mphunzitsi woyang'anira kalasiyi, ndipo ndimathandizana ndi achinyamata awiri odzipereka amene anamaliza matric, mayeso otsiriza a sekondale kuno. Ana athu ndi a Giredi 8 ndi Giredi 9, oposa makumi awiri onse pamodzi, ndipo ambiri ndi a makolo ochokera ku Malawi amene amagwira ntchito za m'nyumba, zosamalira maluwa, zautelala ndi za m'mashopu. Ena anabadwira konkuno ku Joni, ena anabwera atafika kale Sitandade 6 kapena 7 kumudzi. Mkati mwa sabata anawa amaphunzira pa sukulu zosiyanasiyana za boma, kotero ife sitipereka malikisi olowa pa lipoti la sukulu. Ntchito yathu ndi kuthandiza mwana kuti akakhoze kumene amayesedwako. Mayina a ana ndi a makolo sindiwatchula.

Tinasankha masamu chifukwa ndi pamene ana ambiri amakodwa. Malamulo a dziko lino la South Africa okwezera mwana kalasi, kuyambira Giredi 7 mpaka Giredi 9, amafuna kuti apeze 50% pa chilankhulo choyamba, 40% pa chilankhulo chachiwiri, ndi 40% pa masamu, kuwonjezera pa maphunziro enawo. Kwa ana athu chilankhulo choyambacho ndi Chingerezi, ngakhale kuti nsima amadyera m'Chichewa. Komanso pofika Giredi 10 mwana amayenera kusankha pakati pa masamu enieni ndi phunziro lopepukirapo la Mathematical Literacy, ndipo chisankho chimenechi chimatseka kapena kutsekula makomo a maphunziro a udokotala ndi uinjiniya mwanayo asanadziwe n'komwe chimene akufuna kudzakhala.

Chimene chinatichititsa kuyamba

Funso limene makolo amandifunsa kwambiri ndi lakuti, "Aphunzitsi, kodi ameneyu akulimbikira?" Yankho lolondola ndinalibe, pakuti mwana ndimamuona maola atatu pa sabata, masiku ena onsewo ali kutali ndi maso anga. Lipoti la sukulu limabwera kanayi pa chaka, ndipo pamene likufika zinthu zimakhala zitaonongeka kale. Ndiponso makolo ambiri salimvetsa. Dongosolo la maphunziro la CAPS limagawa malikisi m'milingo isanu ndi iwiri: mlingo 7 ndi 80% mpaka 100%, mlingo 4 ndi 50% mpaka 59%, mlingo 3 ndi 40% mpaka 49%, mlingo 2 ndi 30% mpaka 39%, ndipo mlingo 1 ndi chilichonse chosafika 30%. Kwathu pa mayeso a MSCE zili mosemphana, chifukwa 1 ndiye wapamwamba ndipo 9 ndiye wolephera. Bambo wina amene analemba Fomu 4 ku Dedza anabwera ndi lipoti la mwana wake nkhope ili yowala, akuloza 2 amene anali pa masamu, ndipo zinanditengera kanthawi kuti ndipeze mawu aulemu owafotokozera kuti mwanayo sanafike pa malikisi okwerera kalasi.

Kafukufuku wa zamaphunziro anatilimbikitsanso. M'chaka cha 1998 Paul Black ndi Dylan Wiliam a ku King's College London anaunika kafukufuku wambiri n'kupeza kuti kuyesa ana pafupipafupi, ndi cholinga chosintha kaphunzitsidwe, kumathandiza kwambiri makamaka ana otsalira. Zaka khumi m'mbuyo mwake, mu 1988, Ruth Butler anayerekeza ana opatsidwa malikisi okha, opatsidwa ndemanga zokha, ndi opatsidwa zonse ziwiri, ndipo amene anapita patsogolo anali a ndemanga zokha. Kumene kunali nambala, ana ankayang'ana nambalayo n'kusiya ndemanga. Pa chifukwa chimenechi tinagwirizana kuti khama tizililemba padera, malikisi padera, kuti tione ngati ziwirizi zikuyendera limodzi.

Njira yoyamba

Zipangizo zathu zinali zochepa: laputopu yanga, foni imodzi ya kalasi, ndi mafoni a makolo. Boma la Gauteng, chigawo chimene muli Johannesburg, linayamba ntchito ya makalasi opanda mapepala mu Januwale 2015 ku Tembisa, pamene Panyaza Lesufi anali mkulu wa zamaphunziro m'chigawochi, koma ana athu analibe matabuleti a sukulu oti abwere nawo kunyumba. Choncho tinadalira WhatsApp, imene kholo lililonse lili nayo.

Lachiwiri ndi Lachinayi lililonse, 4 koloko madzulo, ndinkatumiza mafunso khumi a pa Google Forms ku gulu la makolo, ndipo mwana ankayenera kuyankha isanakwane 8 koloko usiku. Pulogalamuyi imachonga yokha, n'kutumiza mayankho ku tebulo la Google Sheets pamodzi ndi nthawi imene mwana watumizira. Pa tebulopo tinaika mitundu itatu: wobiriwira kwa wotumiza pa nthawi yake, wachikasu kwa wochedwa, wofiira kwa wosatumiza. Kumapeto kwa mafunsowo mwana ankadzipatsa yekha nambala ya khama lake, kuyambira 1 mpaka 4. Loweruka tinkagwiritsa ntchito Plickers, njira imene mwana aliyense amapatsidwa khadi lapepala lokhala ndi chizindikiro chakechake. Poyankha amalitembenuza kuti mbali ya A, B, C kapena D ikhale pamwamba, n'kulikweza, ndipo mphunzitsi amangoyendetsa kamera ya foni m'kalasimo, mayankho onse n'kulowa. Ubwino wake ndi wakuti mwana safunika foni, ndiponso zilembo za pa khadi ndi zazing'ono moti woyandikana naye sangaonere.

Tisanayambe tinapempha chilolezo cha makolo, monga likufunira lamulo loteteza zinsinsi za anthu la POPIA, limene linayamba kugwira ntchito mokwanira pa 1 Julayi 2021 ndipo limasamala kwambiri za ana. Kalatayo tinailemba m'Chichewa. Makolo ena anazengereza kusaina, ndipo chifukwa chake n'chodziwikiratu kwa aliyense wokhala kuno: amene mapepala ake sali bwino safuna kuti dzina la mwana wake lilembedwe mu kompyuta ya munthu aliyense. N'zoona kuti khoti lalikulu la ku Makhanda linagamula mu Disembala 2019 kuti mwana wopanda mapepala ali ndi ufulu wophunzira, koma chigamulo cha khoti sichichotsa mantha a munthu amene amaona galimoto za apolisi pa msewu tsiku ndi tsiku. Tinagwirizana kuti pa tebulo sipadzalembedwa dzina koma nambala ya khadi la mwana, ndipo mndandanda wolumikiza mayina ndi manambala udzakhala papepala, m'chikwama changa.

Zimene tebulo linaonetsa, ndi zimene linabisa

Pofika pakati pa Meyi tebulo linali litadzaza mitundu, ndipo poliyang'ana mwachangu munthu akanatha kuloza olimbikira ndi aulesi. Ana awiri ndi amene anandikayikitsa.

Woyamba ndi mtsikana wa Giredi 8 amene anabwera kuchokera ku Ntcheu chaka chapitacho. Mzere wake unali wofiira ndi wachikasu wokhawokha. Pamene watumiza, nthawi yake inkakhala cha m'ma 10 koloko usiku, ndipo khama lake ankadzipatsa 2. Koma Loweruka ankafika woyamba, n'kuyamba kuyala mipando asanauzidwe. Nditamupempha kope lake, ndinapeza kuti mafunso onse a pa foni anawakopera ndi pensulo, lililonse lili ndi njira yake pansi pake, ena atawafufuta mpaka pepala kubooka. Ndinamufunsa kuti, "Nanga iwe, bwanji sutumiza pamene ntchito waigwira kale?" Iye anayankha akuyang'ana pansi, "Aphunzitsi, foni imakhala ndi amayi. Akafika ndimakopera mafunso, ndiye mawa lake ndimawerengera kusukulu pa nthawi yopuma, koma pofika madzulo nthawi yake imakhala itatha." Mayi ake nditakumana nawo anatsimikiza zomwezo. Amagwira ntchito ya m'nyumba kumpoto kwa mzinda, amakwera minibasi ziwiri pobwerera, ndipo anati, "Aphunzitsi, foniyi ndi imodzi, ndipo abwana amandiimbira pa yomweyi. Ndikaisiya kunyumba ndiye kuti ntchito ndaisiya." Mtsikanayo akaweruka amatenga mng'ono wake ku kiresi, malo osamalira ana aang'ono, kuphika, ndi kudikira. Pamwamba pa zonsezi, miyezi imeneyo inali ya kuzimazima kwa magetsi koopsa, pamene kampani ya magetsi ya Eskom inkafika pa gawo 6 la ndondomeko yake yozimitsa magetsi, magetsi n'kumazima maola awiri kapena anayi kangapo pa tsiku. Akazima madzulo netiweki nayo inkafooka, ndipo foni yobwera ndi batire lotha inalibe potchajira.

Wachiwiri ndi mnyamata wa Giredi 9 wobadwira konkuno, amene bambo ake anamugulira foni yakeyake. Mzere wake unali wobiriwira kuyambira pamwamba mpaka pansi, malikisi ake 10 pa 10, khama lake 4. Chinandidabwitsa ndi nthawi: mafunso otumizidwa 4 koloko ankakhala atayankhidwa pasanathe mphindi zisanu. Loweruka lina ndinabweretsa ena mwa mafunso omwewo pa Plickers, osasintha nambala ngakhale imodzi, ndipo analakwa ambiri. Limodzi linali lakuti −3 − (−5). Lachinayi pa foni anayankha 2, molondola. Loweruka anakweza khadi losonyeza −8. Nditamuitanira pambali n'kumuuza kuti andionetse mmene anapezera 2, sanakane kanthu. Anatulutsa foni, n'kutsekula Photomath, pulogalamu imene imawerenga samu kudzera pa kamera n'kupereka yankho. Ankakopera funso papepala, kulijambula, n'kulemba yankholo. Pulogalamuyo imaonetsanso njira yonse sitepe ndi sitepe, koma iye mbali imeneyo sankaitsekula. M'maganizo mwake sankaba; anauzidwa kuti atumize mayankho olondola isanakwane 8 koloko, ndipo ankachita zimenezo mokhulupirika.

Apa zinaonekeratu kuti tebulo lathu linali ngati sikelo ya pamsika imene imayeza chimanga pamodzi ndi miyala ya m'thumba. Chimene linkalemba monga khama chinali foni, bandulo, magetsi, ndi nthawi imene kholo limafikira kunyumba. Titaunika mizere ya ana onse tinapeza kuti pafupifupi onse obiriwira anali ndi foni yawoyawo kapena kholo logwira ntchito pafupi. Manambala odzipatsa okha aja analibenso phindu. Mwana woleredwa mwaulemu wa kwathu sadzitama pamaso pa mphunzitsi, kotero amalemba 2 ngakhale wagona mochedwa ndi kope. Wina wozolowera kudziyankhulira amalemba 4 osaganizira n'komwe.

Panapezekanso kanthu kena kakang'ono kamene kanavulaza ana obwera kumene. Sukulu za ku South Africa zimalemba madesimo ndi koma, monga 3,5, pamene ku Malawi timalemba ndi kadontho, 3.5. Google Forms imachonga yankho lolembedwa pofananiza ndi limene mphunzitsi anaikamo, chilembo ndi chilembo, ndiye mwana wolemba mwa kwathu ankaonedwa ngati walakwa pamene samu waikhoza. Kukonza kwake n'kosavuta, chifukwa pulogalamuyo imalola kuikamo mayankho olondola angapo, koma vutolo limaoneka pokhapokha munthu atatsekula mayankho a mwana mmodzimmodzi. Makina ochonga okha amachititsa mphunzitsi kusiya kuwerenga ntchito ya ana, ndipo kwa ine ichi ndi chiopsezo chachikulu kuposa Photomath.

Njira yachiwiri

Pa tchuthi cha pakati pa chaka tinakhala pansi atatufe n'kudzifunsa kuti khama limaonekera pati, pamene foni ya kholo singalowererepo. Tinagwirizana kuti limaonekera pa chimene mwana amachita akalakwa. Kuyankha funso limene ukulidziwa kale sikufuna mphamvu. Kubwerera ku funso limene lakukanika, kulilembanso ndi dzanja, ndi kupeza pamene unapatukira, ndiko kumene waulesi amathawa ndipo wolimbikira amapirira.

Choncho kuyambira teremu yachitatu tinasintha zinthu zingapo. Nthawi yotsekera ya 8 koloko tinaichotsa. Mwana ankangoyenera kumaliza lisanafike Loweruka. Mafunso tinkawasindikizanso papepala kuti wopanda foni atenge. Kumapeto kwa kalasi iliyonse tinkapereka mafunso asanu pa Plickers, ndipo amenewo okha ndiwo ankalowa mu danga la malikisi, popeza ankayankhidwa ife tikuona. Pomwepo mwana aliyense ankauzidwa mafunso amene walakwa, osauzidwa nambala ya malikisi. Ntchito yake ya sabatayo inali kuwalembanso m'kope lapadera limene tinalitcha kope la zokonza, kuonetsa njira yonse, ndi kulemba pansi pake chiganizo chimodzi chofotokoza pamene analakwitsa, m'Chichewa kapena m'Chingerezi, mmene iye wafunira. Wokhala ndi foni ankajambula tsambalo n'kutumiza kwa ine ndekha, osati ku gulu. Wopanda foni ankabwera nalo kope, ife n'kulijambula ndi foni ya kalasi. Pa tebulo, danga la khama linasanduka kuwerengera kosavuta: mwa mafunso amene mwana analakwa, ndi angati amene wawabwerera mokwanira. Tinawonjezera danga lina laling'ono lolembamo ngati mwana wafunsa funso lake sabata imeneyo, pakamwa kapena pa uthenga. Mitundu ija tinaichotsa, ndipo nambala yodzipatsa tinaisiya.

Kunena mwachidule, makina anachoka m'manja mwa ana n'kubwera m'manja mwa aphunzitsi. Ana anabwerera ku pensulo.

Loweruka lachitatu lililonse ndinkakhala ndi mwana mmodzimmodzi kwa mphindi zochepa pakona ya holo, anzanga aja akuphunzitsa, n'kumuonetsa mzere wake wokha pa laputopu, mizere ya ena nditaibisa. Ndinkayamba ndi kumufunsa chimene iye akuona, ndisananene maganizo anga. Mphindi zimenezi ndizo zinali ntchito yeniyeni ya tebulo lonselo, chifukwa nambala imene palibe wakhala nayo pansi ndi mwana imangokhala yokongoletsa laputopu.

Mtsikana wa ku Ntcheu uja anabwerera pafupifupi funso lililonse limene analakwa. Naye samu ya −3 − (−5) inamuvuta, ndipo pansi pa kukonza kwake analemba kuti, "Ndinaiwala kuti munthu akakukhululukira ngongole ya 5, ndalama zako zakwera, sizinatsike." Chiganizochi ndinachigwiritsa ntchito pophunzitsa kalasi yonse sabata yotsatira, ndipo ana anachimva msanga kuposa mzere wa manambala umene ndinkajambula pa bolodi, chifukwa palibe mwana wa kuno amene sadziwa buku la ngongole la pa spaza, kashopu kakang'ono ka m'dera. Lipoti lake la sukulu linachoka pa mlingo 2 m'teremu yachiwiri kufika pa mlingo 3 m'teremu yachitatu, kutanthauza kuti anadutsa 40% ija. Sindikunena kuti tebulo ndilo linamukweza. Khama anali nalo kale, Chingerezi chake chinali chikukhwima pa chaka chake chachiwiri kuno, ndipo mphunzitsi wake wa kusukulu anagwira ntchito masiku asanu pa sabata pamene ife tinagwira limodzi. Chimene njira yachiwiri inachita ndi kuleka kumunamizira ulesi, ndi kutionetsa msanga mitu imene inkamuvuta.

Za mnyamata uja zinayenda mokhotakhota. Bambo ake atamva za Photomath anakwiya, nati, "Aphunzitsi, foniyo ndimulanda basi, ndinagula kuti aziphunzirira, osati azionerera." Ndinawapempha kuti asatero, ndipo ndinawafotokozera kuti pulogalamuyo ndi yothandiza ngati mwana ayamba wayesa yekha, kenaka n'kuitsekula kuti afananize njira yake ndi ya makinawo. Masabata oyamba mzere wake wa zokonza unali wopanda kanthu. Mwana wozolowera 10 pa 10 zinamuwawa kuona kuti ali ndi mafunso anayi oti abwerere. Mu Ogasiti anayamba kutumiza, poyamba mongokopera njira ya pa foni, kenaka ndi zofufuta zake zooneka, zimene kwa ine ndi umboni wabwino kuposa tsamba loyera. Teremu isanathe banja lawo linasamukira ku Diepsloot, kumpoto kwenikweni kwa mzinda, kutsatira ntchito ya bambowo, ndipo ulendo wa Loweruka unakhala wautali ndi wodula moti analeka kubwera.

Ana amene khama silinawakweze

Phindu lalikulu la kulemba khama ndi malikisi m'madanga awiri oyandikana linaonekera pa kagulu kena kamene poyamba sitinkakaganizira. Anali ana ochepa amene ankakonza chilichonse mokhulupirika, sabata ndi sabata, koma malikisi awo a Loweruka osasuntha. Mwana wotere ukamuuza kuti alimbikire umamulakwira, chifukwa walimbikira kale mpaka pamene mphamvu zake zathera, ndipo akamva mawu amenewo kawirikawiri amayamba kukhulupirira kuti mutu wake ndi wouma. Pamene khama lilipo koma zipatso palibe, funso limabwerera kwa mphunzitsi.

Popeza Plickers imasunga yankho la mwana aliyense pa funso lililonse, tinatha kusanja mafunsowo m'magulu awiri: a manambala okhaokha, ndi ofotokozedwa m'mawu. Anawa ankakhoza bwino ndithu gulu loyamba, n'kugwa pa lachiwiri. Mmodzi wa anzanga anawatenga pambali, n'kuwawerengera mafunso omwewo akumasulira m'Chichewa, ndipo ambiri anawapeza mayankho osathandizidwa china chilichonse. Vuto lawo linali kuwerenga Chingerezi momvetsa. Limeneli si la ana a alendo okha. Kafukufuku wa PIRLS wa 2021, amene amayesa luso la ana lowerenga m'mayiko ambiri, anapeza kuti 81% ya ana a Giredi 4 m'dziko lino sankatha kuwerenga momvetsa m'chilankhulo chilichonse. Koma kwa mwana amene anayamba sukulu ku Malawi, m'kalasi ya ana ochuluka kwambiri, aphunzitsi akufotokoza zambiri m'Chichewa, ndiye n'kudzapezeka ku Johannesburg akulemba Chingerezi monga chilankhulo choyamba ndi Afrikaans kapena isiZulu monga chachiwiri, katunduyo amalemera kawiri. Tikanapitiriza kuwapatsa masamu owonjezera tikanataya teremu yonse. Mmalo mwake tinapatula theka la ola loyamba la Loweruka kuti kaguluka kaziwerenga mafunso a mayeso mokweza, kulemba mzere pansi pa chimene chikufunsidwa, ndi kulinena funsolo m'mawu awoawo asanagwire nambala iliyonse.

Mavuto a njira yachiwiri

Chilichonse chimene mphunzitsi wayamba kuwerenga, ana amaphunzira kuchikwaniritsa mwachidule. Patapita masabata angapo ndinayamba kulandira zokonza zofanana ndendende kuchokera kwa ana okhala nyumba imodzi, ndiponso chiganizo chakuti "ndinalakwitsa chizindikiro" chinayamba kuoneka pansi pa funso lililonse, ngakhale lopanda chizindikiro chovuta. Mankhwala ake anali akale: Loweruka ndinkatola makope atatu mwachisawawa, n'kuitana mwini wake kuti afotokoze pa bolodi kukonza kumodzi. Wolephera kufotokoza zimene analemba yekha, kukonza kumeneko sikunkawerengedwa. Ana atadziwa kuti kope lililonse likhoza kutoledwa, kukoperana kunachepa.

Vuto lachiwiri ndi nthawi ya mphunzitsi. Zithunzi zinkabwera usiku, zina zojambulidwa ndi kuwala kwa kandulo, zina zopendekeka, zina chala chitaphimba theka la samu, ndipo chilichonse chinkafuna kuwerengedwa ndi kuyankhidwa ndi ndemanga. Ntchito imeneyi palibe pulogalamu ingaigwire, chifukwa chimene tikufuna ndi kuona maganizo a mwana. Tinachepetsa n'kunena kuti mwana asakonze mafunso oposa atatu pa sabata, ndipo ana tinawagawana atatufe. Mphunzitsi wa sukulu ya boma amene ali ndi makalasi asanu a ana makumi anayi kapena kuposa sangathe kuchita izi kwa mwana aliyense; angathe kuzichita kwa kagulu kamene kali m'malire a 40%.

Lachitatu linachokera kwa makolo. Pa msonkhano wa kumapeto kwa teremu ambiri anapempha kuti tebulo lonse liziikidwa pa gulu la WhatsApp, ana atasanjidwa kuyambira nambala wani mpaka womaliza. Agogo ena amene amalera zidzukulu ziwiri anati, "Aphunzitsi, kwathu potsekera sukulu ankaitana mayina pabwalo, wolephera ankachita manyazi n'kulimbikira. Inu mukuwabisira chiyani?" Ndinawayankha mwaulemu kuti mwambo umenewo ndikuudziwa, inenso ndinaimapo pabwalo lotero, koma timakumbukira amene manyazi anawalimbikitsa n'kuiwala amene manyazi omwewo anawachotsa pa sukulu. Ndinawakumbutsanso kuti kalata imene anasaina inalonjeza kuti zotsatira za mwana zidzaonedwa ndi kholo lake lokha. Sikuti onse anakhutira. Tinagwirizana kuti kamodzi pa mwezi kholo lililonse lizilandira uthenga wa mawu, wojambulidwa m'Chichewa, wosapitirira mphindi imodzi, wonena zinthu zitatu: mafunso angati mwana wabwerera, mutu umene ukumuvuta, ndi chimodzi chimene kholo lingachite, monga kumusiyira foni theka la ola Lamlungu masana kapena kumupumitsa ntchito zapakhomo madzulo amodzi. Uthenga wa mawu unagwira bwino kuposa wolemba, popeza makolo ena kuwerenga kumawavuta, ndipo ambiri amaumvera m'minibasi popita ku ntchito.

Za teremu yachinayi

Teremu yachinayi ndi yaifupi ndipo mbali yaikulu imatengedwa ndi mayeso a kumapeto kwa chaka mu Novembala, kotero sitiyambitsa chatsopano. Mafunso a Google Forms atsala a kamodzi pa sabata, ongoyeserera kwa amene akufuna, ndipo salowanso pa tebulo. Mafunso a Loweruka tiziwatenga m'zimene ana analakwa kwambiri kuyambira Epulo, malinga ndi mmene Plickers yasungira, ndipo mitu imene ikutsogola ndi manambala okhala ndi chizindikiro chochotsera, mafulakishoni, ndi kumasulira funso la mawu kukhala ikweshoni. Mphunzitsi wa masamu wa pa imodzi mwa sukulu za anawa wavomera kutitumizira mndandanda wa mitu imene mayeso awo adzakhudze, ndipo tikupempha makolo a ana a sukulu zina kuti atibweretsere makalata a mayeso amene sukuluzo zimapereka. Kagulu kowerenga kapitiriza ndi theka la ola lake. Sukulu zikatsekera mu Disembala, zithunzi zonse za makope zidzafufutidwa m'mafoni athu atatu ndi mu laputopu, kholo lililonse lidzapatsidwa pepala la mzere wa mwana wake, ndipo makadi a Plickers adzagawidwanso mwatsopano mu Januwale kuti nambala ya chaka chino isalozenso mwana yemweyo.